MFUTI YA GUENDOLEN NDI CIKUMBUTSO CA VIPYA

Ife a ku Zambia nkhani za zombo timazimva ngati nthano, popeza dziko lathu silifika ku nyanja yamcere. Koma titanyamuka ku Chipata, kudutsa malire pa Mwami ndi kukafika ku Mangochi m'dziko la Malawi, tinapeza kuti mbiri ya pa madzi si yacilendo kwa ife ai.

Pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Shire pali nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa Lake Malawi Museum. M'katimo anamanga cifaniziro ca malo amene ankaimapo woyendetsa Guendolen, sitima yankhondo ya Angelezi imene inayamba kuyenda pa nyanjayo mu 1899. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, nakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Amati kaputeni wa Ajeremaniwo, yemwe anali bwenzi lake la pa mowa, anabwera pa bwato ali wokwiya kudzamufunsa ngati waledzera, pakuti uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Alendo amaseka akamva zimenezi, ndipo nafenso tinaseka.

Kuseka kunatha titaturuka panja. Pafupi ndi nsanja ya koloko ya Mfumukazi Victoria pali mfuti ya Guendolen, ndipo capomwepo pali cikumbutso ca sitima ina, Vipya. Pa 30 Julayi 1946 sitimayi, ikadali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe cakumpoto kwa nyanja, nimira ndi anthu 145. Ambiri a iwo anali anthu wamba okwera malo otsika mtengo. Cinatikhudza n'cakuti alendo anzathu anaunjikana pa mfuti kujambulitsa zithunzi, pamene pa cikumbutsoco ankangodutsa. Sitikuwadzudzula, mfuti imakopa maso, ndipo ifenso tinayamba kuigwira isanatikumbutse kanthu.

Dera lomweli lilinso ndi mbiri ya Eklezia wathu. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mfumu Mponda, kufupi ndi Mangochi, kumapeto kwa 1889. Atavutika ndi matenda ndiponso nchito itakanika, anacokako mu 1891, nalowera kumpoto mpaka anakakhazikika ku Mambwe Mwela. Ndico cifukwa cake mu 1991 tinakondwerera zaka 100 za Cikatolika m'dziko muno. Madzi amene anameza Vipya ndi omwewo amene anali mseu waukulu wa amishoni, amalonda ndi ogula akapolo.

Tisanakwere basi, mai wina wacikulire wa m'gulu lathu anapempha kuti tibwerere pa cikumbutso cija. Tinavula zisoti, ndipo iye anatsogolera pemphero la akufa, magalimoto akudutsa pa mlatho kumbuyo kwathu.