Mumve Poyamba, Musanam'patse Ndalama

Makolo anzanga, Misa ya ukwati ikatha, ulamuliro umacoka kwa wansembe ndi kugwera kwa mnyamata wa zokuzira mau, uja timati DJ. Koma komiti imene itha milungu ikukangana za nkhuku ndi mpunga imam'sankha iyeyu pa mphindi zisanu, cifukwa ndi wotsika mtengo kapena ndi mwana wa mlamu.

Ndinaona ndekha ku Kanyama pa ukwati wa mdzukulu wanga. Pamene ankhoswe anali kuonetsa apongozi ocokera ku Katete, mnyamatayo anaika nyimbo ya mau olaula. Amai a mkwati anaphimba nkhope ndi citenje, natuluka osalawa keke. Mabanja awiriwo sanayenderane kwa caka cathunthu.

Tsono pitani mukamumve pa ukwati wa ena, kaya ku Matero kaya ku Chawama. Onani ngati amatsitsa phokoso mkulu akaimirira kuti alankhule. Mufunseni ngati ali ndi kalindula wa Amayenge kapena wa P.K. Chishala, pakuti nawonso agogo anadzera kubvina. Mufunsenso za jenereta: madzi atacepa ku Kariba mu 2024, magetsi anali kuzima nthawi yaitali tsiku ndi tsiku, ndipo DJ wopanda moto ndi mlendo wongodya nsima.

Nyimbo zimene simuzifuna muzilembe pa pepala, alangizi aliwerenge, iye asaine. Theka la ndalama mum'patse phwando litatha.