Ndani Alipira Mlonda wa Kuthambo?

Mwezi uno tikweze maso pang'ono. Tikambe za anthu amene amachezera usiku wonse kuyang'ana kuthambo ndi makina oonera kutali otchedwa telesikopu, ndiponso za ndalama zimene zimafunika kuti ntchito yawoyo isaime.

Kupatula mapulaneti, monga Mars ndi Jupiter, pali miyala miyandamiyanda imene imazungulira dzuwa. Ina ndi yaing'ono ngati mtondo, ina ndi yaikulu kuposa phiri la Domwe. Yambiri ili kutali, koma ilipo ina imene njira zake zimapingasa njira ya dziko lathu. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wotere, wa mamita pafupifupi 20, udaphulika m'mwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia. Anthu pafupifupi 1,500 adavulala, ambiri mwa iwo ndi magalasi, popeza adathamangira pa mazenera kukaona kuwala kuja, ndipo chimphepo cha kuphulikako chidawapeza ali pomwepo. Palibe amene adauona ukubwera, chifukwa udadzera mbali ya dzuwa.

Zaka zisanu ndi zitatu izi zisanachitike, mu 2005, nyumba ya malamulo ya dziko la America idali italamula kale bungwe la NASA kuti pofika 2020 likhale litapeza miyala 90 mwa 100 iliyonse ya mamita 140 kapena kuposa, pakuti mwala wa msinkhu umenewu ungathe kufafaniza mzinda wonse. Lamulo lidalembedwa bwino, koma ndalama zokwanira sizidatsagane nalo. Kwa zaka zingapo ntchitoyi inkalandira madola pafupifupi 4 miliyoni pa chaka. Idadzakwera kufika pa 20 miliyoni, ndipo mwala wa ku Chelyabinsk utagwa, mu 2014 idawirikiza kufika pa 40 miliyoni. Chaka cha 2020 chidakwana miyalayo isanapezeke ndi theka lomwe. Amene tidakhalako pa msonkhano wokonza za chuma, khalidweli silachilendo kwa ife: ndalama ya denga imavomerezeka tsiku limene mvula yadontha pa mpando wa wapampando.

Nkhani imene imatigwira mtima koposa ndi ya Arecibo, pa chilumba cha Puerto Rico. Kumeneko kudali telesikopu yooneka ngati chimbale chachikulu, cha mamita 305 m'mimba mwake, chokhazikidwa m'chigwa pakati pa mapiri, ndipo idatsegulidwa mu 1963. Telesikopu zambiri zimangolandira kuwala, koma iyi inkathanso kutumiza mafunde a wailesi ku pulaneti kapena ku mwala, n'kudikira kuti abwerere, monga mawu a munthu wofuula m'phiri amabwerera kwa mwini wake. Poyesa nthawi imene mafundewo atenga, akatswiri ankadziwa kutalika kwa mtunda, liwiro la mwalawo, ngakhale maonekedwe ake. Ndi njira imeneyi mu 1965 adapeza kuti Mercury imatembenuka kamodzi pa masiku 59, osati 88 monga mabuku ankaphunzitsira.

Ngakhale idagwira ntchito yotere, mu 2006 komiti ya bungwe la boma loyang'anira ndalama za sayansi idalangiza kuti thandizo lake lichepetsedwe kwambiri, ndi kuti itsekedwe ngati sipapezeka ena olipira. Kuyambira pamenepo Arecibo idakhala yopemphapempha. Mu 2017 namondwe Maria adaiwomba. Mu Ogasiti 2020 chingwe chimodzi chidasolokoka, mu Novembala china chidaduka, ndipo pa 1 Disembala chitsulo cholemera matani 900 chimene chinkalendewera pamwamba chidagwera m'chimbale chija. Sitinganene kuti kusowa kwa ndalama ndiko kokha kudaigwetsa, popeza ofufuza adapeza kuti zingwezo zidakhala zikusolokoka pang'onopang'ono m'zomangira zake kwa zaka, anthu osazindikira kukula kwa ngoziyo. Komabe nyumba imene eni ake akukangana za kuigulitsa, kawirikawiri sipapezeka wokwera padenga kukaona chiswe. Mu 2022 boma lidalengeza kuti silidzaimanganso.

Wina afunsa, ndipo sakulakwa: bwanji kutayira chuma kuthambo pamene pansi pano zipatala zilibe mankhwala, ndipo ana akuphunzirira pansi pa mtengo? Ife funso ili sitilipeputsa. Koma tionenso mbali inayi. Chivomezi palibe angachiletse, ndipo namondwe timangomuthawa, pamene mwala wa kuthambo ungathe kupatutsidwa. Pa 26 Seputembala 2022 chombo cha NASA chotchedwa DART chidagunda dala mwala wotchedwa Dimorphos, ndipo nthawi imene mwalawo umatenga pozungulira unzake waukulu idafupika ndi mphindi pafupifupi 32. Kukankha kochepa chonchi kumathandiza pokhapokha mwalawo utapezeka kudakali zaka zambiri. Ukaoneka kutatsala sabata, chombo chilichonse n'chopanda pake. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa. Motero ndalama yofunika koposa ndi ija yosaoneka ulemerero, yolipira munthu wojambula thambo lomwelo usiku ndi usiku, amene lipoti lake labwino limangoti, "Lero kulibe kanthu."

Ndiponso mwala susankha dziko lolemera. Woyamba kuoneka usanagwe udagwera m'chipululu cha ku Sudan mu Okutobala 2008. Wina udagwera ku Botswana pa 2 Juni 2018, patangopita maola ochepa telesikopu ya ku Arizona itauona. Yonseyi idali yaing'ono, ndipo siidapweteke munthu. Kwa nthawi yaitali thambo la kummwera kuno lidalibe alonda okwanira, mpaka mu 2022 pamene telesikopu za gulu la ATLAS zidayamba ntchito ku Sutherland, m'dziko la South Africa, ndi ku Chile. Ndalama zake zidachokeranso ku NASA. Apa ndipo pali nkhawa yathu: katundu wa dziko lonse lapansi wasenzedwa kwambiri ndi dziko limodzi, ndipo amadalira voti ya aphungu ake chaka ndi chaka. Mu 2022 ndalama zitachepa, telesikopu yatsopano yotchedwa NEO Surveyor, yokonzedwa kuti izikaona miyala yobisala cha kudzuwa monga uja wa ku Chelyabinsk, ulendo wake udakankhidwira m'tsogolo.

Mwala wina wotchedwa Apophis, wa mamita pafupifupi 340, udaopsa akatswiri mu 2004 pamene kudaoneka ngati ungathe kutigunda mu 2029. Adapitiriza kuuyesa, Arecibo nayo idathandizapo, ndipo mu 2021 makina a ku Goldstone ku California adatsimikiza kuti kwa zaka 100 zikubwerazi sutikhudza. Udzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 usiku wa Lachisanu, pa 13 Epulo 2029, ndipo a ku Africa tidzatha kuuona ndi maso athu ngati kanyenyezi koyenda, kukadzakhala kopanda mitambo.