Nthambi Siigulidwa

Amayi ndi abambo a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, tamverani. Pamene msonkhano waukulu wa Kongeresi unasankha a Lazarus Chakwera m'chaka cha 2013, ambiri ankawadziwa ngati abusa chabe. Nanga anawasenza ndani kufikira pampando mu 2020? Si anthu wamba kodi, oyenda khomo ndi khomo pa njinga zawo, ochezera usiku kulondera mavoti? Mpandowo unachoka mu 2025. Tsono ofuna utsogoleri adzabweranso, ena atanyamula nsalu ndi ndalama. Ife tikuti musagulitse nthambi. Afunseni za feteleza ndi mtengo wa fodya. Akayankha zomveka, ayendereni mwaulere. Pakuti wolandira malipiro mawa alibe pakamwa pofunsira.