Udindo unatsika, nanga chikwama?

Ambiri mwa ife tinakhalapo pa benchi la chipatala chaching'ono m'mamawa, buku la kuchipatala lili m'manja, kudikira kuti dzina litchulidwe. Tikauzidwa kuti mankhwala tikagule tokha, mkwiyo wathu umagwera namwino amene ali patsogolo pathu. Tisanamuweruze, tiyeni tifunse kaye kuti chikwama chili m'manja mwa yani.

M'chaka cha 1998 dziko lathu linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo pang'onopang'ono ntchito za umoyo m'maboma zinaperekedwa ku makhonsolo. Zipatala za Area 18, Kawale ndi Area 25 zili pansi pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe. Kamuzu Central, yomwe inatsegulidwa mu 1977, ili pansi pa unduna, ndipo ntchito yake ndi kulandira odwala otumizidwa kuchokera ku zipatala zina. Mankhwala nawo amadzera njira yawoyawo, kuchokera ku Central Medical Stores Trust.

Papepala zonsezi n'zolongosoka. Koma mphamvu inayenda kuchoka ku Capital Hill n'kukaima pa ofesi ya boma, osafika pa khomo pomwe wodwala amagogoda. Mkulu wa chipatala chaching'ono amayankha mlandu wa chilichonse, komabe babu likapsa m'chipinda chochilira kapena mpopi ukaphulika, kawirikawiri alibe ndalama m'manja. Amalemba kalata n'kudikira. Ife sitingautche utsogoleri umenewu. Ndi kusenzetsa munthu mtolo utamumanga manja.

N'chifukwa chake tikugwirizana ndi ganizo lomwe lili mu ndondomeko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030, loti ndalama zina zizipita mwachindunji ku zipatala zazing'ono. Kuyambira Januwale 2025, pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, taona kuopsa kodalira m'thumba mwa mlendo. Kochepa komwe tili nako kayenera kufika pomwe pali bala.

Tisanaombe m'manja, tikumbukire za Cashgate ya mu 2013. Ndalama ikatsika, mayesero amatsika nayo limodzi, ndipo dzanja lalitali silipezeka ku Capital Hill kokha. Apa ndi pomwe komiti yoyang'anira chipatala, momwe mumakhala anthu a m'dera, imafunika kukhala ndi mano: anthu odziwa kuwerenga malisiti, oima pomwepo galimoto ya mankhwala ikamatsitsa makatoni, olimba mtima kufunsa ngakhale wofunsidwayo ndi mnansi wawo wa m'mphakati.

Pakati pathu pali ophunzira za kawerengedwe ka chuma amene masatifiketi awo akungogona mu sutikesi. Sabata ino tikupempha awiri kapena atatu apite ku chipatala chathu cha Area 18, akafunse mwaulemu mayina a mamembala a komitiyi, tsiku lomwe amakumana, ndi ngati muli mpando wa achinyamata. Yankho tidzalimva pa msonkhano wathu wa Lamulungu.