Mabanki atiuze: makina akafa, ndalama zathu zidzapezeka?

Amalawi anzanga, ndalama zimene timasunga ku banki si mulu wa makwacha wotsekeredwa m'sefa ayi. Ndi manambala olembedwa m'makompyuta, m'nyumba imene amaitcha data centre. Nyumbayo ikapsa, ikalowa madzi, kapena mbava za pa intaneti zikathyolamo, mphunzitsi salandira malipiro ndipo mlimi wa fodya satapa kanthu.

N'chifukwa chake banki yolongosoka imakhala ndi nyumba yachiwiri kutali ndi yoyambayo, yokhala ndi magetsi ndi mawaya akeake, imene imakopera zonse zolembedwa m'kaundula. Koma kumanga kokha sikukwanira. Nyumbayo iyenera kumayesedwa.

Taonani zimene zidaonekera banki ya TSB ku Britain. Mu April 2018 idasamutsira kaundula wa makasitomala ake m'makina atsopano, ndipo nyumba za makinawo zidalipo ziwiri. Zinthu zidasokonekera kotero kuti anthu pafupifupi 1.9 miliyoni adalephera kuona ndalama zawo, pomwe ena ankangoona maakaunti a eni ake. Maloya a Slaughter and May atafufuza, adaulula mu 2019 kuti mayeso ena ofunika adachitikira m'nyumba imodzi yokha, chonsecho ziwirizo sizidatcheredwe mofanana. Bankiyo idaluza mapaundi 330 miliyoni, mkulu wake Paul Pester adatula pansi udindo, ndipo mu 2022 idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi oposa 48 miliyoni.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Mu March 2023 namondwe Freddy adasakaza mzinda wa Blantyre, komwe kuli malikulu a mabanki angapo. Mu 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata, boma likunena kuti mbava zidalowa m'makompyuta. Kodi ngozi zotere zimalambalala mabanki?

Tikupempha a Reserve Bank of Malawi kuti alamule banki iliyonse kuti chaka ndi chaka iziyankha poyera mafunso atatu. Nyumba yachiwiri yatalikirana bwanji ndi yoyamba? Mudazimitsa liti yoyambayo n'kuyendetsa ntchito yonse kuchokera ku yachiwiri? Zinthu zikavuta, mudzatsegulanso patatha maola angati?

Mabwana ena adzati izi n'zachinsinsi, tisapatse nzeru akuba. Pepani mabwana, sitikufunsa makiyi kapena nambala ya puloti. Tikufunsa ngati ndalama zathu zidzapezeke tsiku la tsoka. Zoti wamkulu safunsidwa tidazikana pa referendamu ya 14 June 1993. Mwini ndalama ndi mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, ndipo asamangouzidwa kuti "netiweki palibe, mubwere mawa".