Ophunzira a mafunso aja tiwalandire, koma mayankho abwerere kumudzi

 Nkhani ya m'kope lino ndi ya anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera, onyamula mapepala ndi bolopeni, amene mumawapeza pa chipatala kapena amene amafika pakhomo panu ndi odi wa ulemu, kenako n'kuyamba mafunso osatha: muli anthu angati m'nyumba muno, madzi mumatunga kuti, mwana anadwala liti malungo.

Ambiri a iwo ndi ana a sukulu. Ena akuphunzira unamwino ku Instituto de Ciências de Saúde ya ku Tete, ena udokotala ku Universidade Zambeze, imene nthambi yake ya zaumoyo ili mumzinda wa Tete momwemo, enanso amaphunzira za masewera ndi kulimbitsa thupi. Wophunzira wa ku yunivesite asanalandire digiri, kawirikawiri amafunika kufufuza nkhani imodzi ndi kuilemba m'buku limene amalitcha monografia. Mafunso aja ndiwo makasu ake. Maganizo anga ndi akuti tiwalandire ndi kuwauza zoona, koma tisawalole kutsanzika asanatiuze tsiku limene adzabwere ndi zimene apeza.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangoona munthu wachilendo atanyamula kajakisoni, mtima umayamba kuthamanga. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayenda ku Zambézia ndi ku Mulanje ndi Phalombe ku Malawi, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Ku Nampula zachitika kangapo kuti anthu othira mankhwala a cloro m'zitsime anamenyedwa powaganizira kuti akubweretsa kolera. Mwana wa mnzathu amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti aphunzire akhoza kuvulazidwa motero chifukwa cha pepala la mafunso. Abale, magazi oyezera malungo ndi kadontho ka pa chala. Ngakhale a m'kabotolo aja amangokwana pafupifupi kasupuni ka tiyi, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita 5 kapena kuyandikira apo m'thupi mwake.

Kuti muone chimene kufunsa mafunso kumachita, kumbukirani Chitima, m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo chathu chomwe chino. Pa 9 Januwale 2015 anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wa phombe. Anthu oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira, pamodzi ndi mayi amene anafulula mowawo. Dziko lonse linayamba kunena kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Mukudziwa nokha zimene mawu otere amachita m'mudzi: anthu amayamba kulozana zala, abale amasiya kudyera mbale imodzi. Koma ofufuza a zaumoyo anayenda kufunsa odwala ndi achibale awo kuti wamwa ndani, wamwa wochuluka bwanji, wayamba kudwala nthawi yanji. Anatenga mowa wotsala ndi ufa n'kutumiza kukayezedwa kunja kwa dziko. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho yankho linalengezedwa. Munalibe ndulu ya ng'ona. Ufa wa chimanga umene anafululira unali wowonongeka, ndipo munamera kachirombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni wosamveka fungo, wosatha mphamvu ngakhale muwiritse. Chifukwa cha mafunso amenewo, lero tikhoza kukuuzani pa wailesi kuti ufa umene wanyowa n'kuyamba kuwola ndi wotaya, si wopereka kwa ofulula mowa poona kuti nsima yake singadyeke.

Wina anena kuti amenewo anali akatswiri, nanga kamwana ka sukulu kangatulukire chiyani? Akatswiriwo anayambira pomwepa, pa mafunso a pakhomo ndi pa benchi la chipatala. Ndipo nthawi zina wophunzira amagwira ntchito yaikulu asanamalize n'komwe. Mu 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, dokotala wina dzina lake Frederick Banting anapatsidwa wophunzira wa zaka 22, Charles Best, kuti amuthandize. Ntchito imene anayamba awiriwo inabala insulini, mankhwala amene odwala shuga amabayitsa mpaka lero. Mu Januwale 1922 mnyamata wina anali woyamba kulandira mankhwalawo. Sindikunena kuti aliyense wobwera ndi mapepala adzatulukira mankhwala atsopano, ayi. Koma paja akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tsono pali mbali yathu, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Ife anthu a kumudzi timayankha mafunso m'njira ziwiri zolakwika. Tikaganiza kuti pepalalo ndi kaundula wa chithandizo, aliyense amasanduka wamasiye, nkhokwe imasanduka yopanda kanthu, ana amachuluka. Tikaganiza kuti wofunsayo watumidwa ndi a chipatala, timayankha zomusangalatsa: inde tonse tinagona m'masikito usiku wathawu, pamene masikitowo atchinga nazale ya tomato ku dimba. Wophunzirayo akalemba kuti nyumba zonse zimagona m'masikito koma malungo sakuchepa, owerenga buku lake adzafunafuna vuto kolakwika. Mukamuuza zoona, kuti masikito anang'ambika, kapena kuti m'nyumba muli mphasa zinayi koma masikito ndi amodzi, mwamupatsa chinthu chimene a boma angachikonze. Chimodzimodzi za kwa asing'anga: ngati mwana munayamba mwapita naye kumeneko masiku awiri musanafike ku chipatala, nenani. Wophunzira si wapolisi. Ndipo ife a m'malire tili ndi nkhani ina imene timaibisa, yoti ambiri timalandira mankhwala mbali zonse ziwiri, lero kuno mawa ku Dedza, ndi makadi awiri. Amene akuwerenga anthu osiya mankhwala a TB kapena ma ARV akhoza kukulembani kuti munathawa, chonsecho mukumwa mokhulupirika kutsidya.

Koma kulandira mlendo si kumupatsa nyumba yonse. Muli ndi ufulu, ndipo ufulu umenewu si chifundo cha wofunsayo. Kuyambira 2002 dziko lathu lili ndi komiti yoona kuti kafukufuku wa zaumoyo asapweteke anthu, Comité Nacional de Bioética para a Saúde, ndipo masukulu akuluakulu a zaumoyo ali ndi makomiti awo ang'onoang'ono. Wophunzira woona amayenda ndi credencial ya sukulu yake, amayamba wadutsa ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi kwa amfumu. Mufunseni akuonetseni, sikumunyoza. Akufotokozereni m'chinenero chanu chimene akufufuza, ndipo ngati samva Chichewa abwere ndi womasulira amene inu muli omasuka naye, osati mwana wanu wa zaka 12 pa mafunso a kuchipinda. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sanakuwerengereni. Ngati akufuna magazi, mkodzo kapena makhololo, funsani kuti apita nazo kuti, ayeza chiyani, ndipo inu mumva liti. Mwana sangafunsidwe kapena kuyezedwa popanda kholo kuvomera. Dzina lanu lisatuluke m'buku lake. Mukhoza kukana, kapena kuvomera kenako n'kusiyira pakati, ndipo palibe namwino amene ali ndi mphamvu yokumanani mankhwala chifukwa cha zimenezo.

Mfundo yomalizayi ndiyofunika kwambiri pa chipatala, chifukwa kumeneko munthu amakhala wofooka ndi wamantha. Mayi amene wakhala pa mzere wa sikelo kuyambira mbandakucha, akauzidwa ndi wa khoti loyera kuti tabwerani muyankhe mafunso, amaganiza kuti akakana khadi lake liikidwa pansi. Inu ophunzira amene mudzawerenge kope lino, nenani poyera kuti ndinu ophunzira, kuti kuyankha si mbali ya chithandizo, ndipo musachotse munthu pa mzere n'kumutayitsa malo ake.

Dandaulo langa lalikulu ndi ili. Mafunso amabwera wapansi mpaka kumudzi, koma mayankho amakwera basi n'kukagona m'kabati ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo, olembedwa m'Chipwitikizi cha m'mabuku. Wophunzira amavala chipewa cha digiri, amajambulitsa, ife timatsala osadziwa ngati chitsime chimene anatengapo madzi chili bwino. Chaka chamawa kukubwera wina ndi mafunso omwewo. Mayi wasiya kupalira mbatatesi kwa ola lathunthu, wafotokoza za matenda amene sauza ngakhale apongozi ake, malipiro ake n'kukhala zikomo basi? Anthu akatopa ndi zotere amayamba kutseka zitseko, ndipo mphekesera zimapeza pomera.

Njira ina ilipo, ndipo ili m'dziko lathu lomwe lino. Ku Nampula, Universidade Lúrio inakhazikitsa dongosolo lotchedwa Um Estudante, Uma Família, kutanthauza wophunzira mmodzi, banja limodzi. Wophunzira za umoyo amapatsidwa banja loti aziliyendera kawirikawiri pa nthawi ya maphunziro ake. Munthu amene adzabwerenso mwezi wamawa sangatenge mayankho n'kusowa. Ife sitikupempha zambiri chotero. Tikupempha msonkhano umodzi pansi pa mtengo wa amfumu, kapena pepala limodzi la Chichewa lomata pa khoma la chipatala.

Palinso malo amene ophunzirawa safikako, pomwe ndi pamene achinyamata athu amavulala sabata ndi sabata: pa bwalo la mpira. Loweruka ndi Lamlungu timu za m'midzi zimakumana, nthawi zina ndi za kutsidya, pa bwalo louma gwa, la miyala ndi zitsa, ena ovala jombo ena osavala kanthu. Wina akagundana mutu ndi mnzake n'kukomoka, timamuthira madzi, akadzuka timaomba m'manja n'kumubwezera m'bwalo. Madokotala a zamasewera amaletsa zimenezi: wogunda mutu n'kukomoka, kuchita chizungulire kapena kusokonezeka asaseweretso tsiku limenelo, ndipo akayamba kusanza, kuwodzera kapena mutu kukula kupweteka, athamangire naye ku chipatala. Wobinya mwendo timamukoka ndi kumuthowa ndi madzi otentha pompo, pamene masiku awiri oyamba amafuna kupuma, nsalu yozizira, kumanga bwino ndi kukweza mwendowo. Bala la chitsa kuphazi timalithira dothi, chonsecho m'dothimo ndimo mumakhala kachirombo ka kafumbata. Ndipo mnyamata amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kukomoka akuthamanga timamuseka kuti ndi wofooka. Okonda mpira akukumbuka Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa pakati pa bwalo ku Lyon pa 26 Juni 2003 n'kumwalira ndi nthenda ya mtima.

Kunja nkhani zimenezi amaziwerenga. Mu 2008 ofufuza a ku Norway anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900. Timu zina zinkachita masewera otenthetsa thupi a mphindi 20 asanayambe kuphunzira mpira, amene lero amatchedwa FIFA 11+, zina zinkachita monga mwa masiku onse. Kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu mwa amene ankachita masewerawo. Safuna makina kapena ndalama, koma anayesedwa pa mabwalo osalala, kwa ana ovala nsapato. Kodi angathandizenso pa bwalo la fumbi la kwathu kuno, kwa mnyamata amene wayenda makilomita 10 pa njinga asanayambe kusewera? Limeneli ndi funso lokwanira monografia yathunthu, ndipo ndi lathu. Lingapose kutali kufunsanso kachikhumi ngati tikudziwa kuti udzudzu umafalitsa malungo.

Chotero inu makapiteni ndi aphunzitsi a timu, za anyamata ndi za atsikana zomwe, musadikire kuti mlendo ayambe. Gulani kope la masamba ochepa. Masewera akatha lembani tsiku, malo, zaka za wovulala, pamene wavulala, ngati anavala nsapato, chimene munamuchitira, ndi masiku amene wakhala osasewera kapena osapita kumunda. Dzina lake musalembe, ikani nambala. Nyengo ya mpira ikamatha, kope limenelo lidzakhala ndi zinthu zimene palibe ofesi ili nazo, ndipo wophunzira akadzabwera mudzakambirana naye ngati anthu amene ali ndi katundu wawo m'manja.

Inu amfumu ndi a komiti ya zaumoyo, wophunzira akabwera kudzapempha chilolezo, lembani dzina la sukulu yake, la mphunzitsi womuyang'anira, ndi mwezi umene walonjeza kubwerera. Mweziwo ukadutsa ali zii, tidziwitseni kuno ku wailesi, tilembera sukuluyo kalata yokumbutsa. Ndipo wophunzira aliyense amene wamaliza kafukufuku wake m'midzi yathu, pulogalamu ya zaumoyo ndi yotsegula kwa iye popanda kulipira. Abwere ndi zotsatira zake pa tsamba limodzi, tidzamuthandiza kuziika m'Chichewa, ndipo tidzatsegula foni kuti amayi amene anamuyankha aja nawonso amufunse.