KUONA TSIDYA SI KUFIKA

Abale ndi alongo a ku Mphamba, tikagulitsa cimanga, fodya ndi thonje, ena mwa ife amadzera pa Lusuntha kulowa m'Malawi ndi kutsikira ku Nkhata Bay kukagula usipa. Ena amapitirira mpaka pa cisumbu ca Likoma. Ife a kumtunda madzi sitiwadziwa, ndiye tiyeni ticenjezane.

Likoma ndi dziko la Malawi, koma lazingidwa ndi madzi a Mozambique. Munthu akaima pamenepo amaona bwinobwino mapiri a ku Cobue, nkumaganiza kuti kuoloka kwake kuli ngati kuoloka mtsinje wa Lundazi m'cilimwe. Ai ndithu. Pakatipo pali malire a maiko ofuna mapepala odindidwa, ndipo pali mwera, mphepo imene imakula m'miyezi yozizira, nthawi yomweyo imene mlimi ali ndi ndalama za ulendo.

Kumaiko a kutali ziliponso zotere. Zisumbu za Greece monga Lesbos, Chios, Samos ndi Kos zili pafupi kwambiri ndi gombe la Turkey. Ndi njira imene Paulo woyera anadzera pa ulendo wa m'buku la Macitidwe, mutu 20 ndi 21. Lero mlendo wokhala ndi pasipoti amagula tikiti pa Kos, nkufika ku Bodrum pa sitima yololedwa ola limodzi lisanathe. Koma pa madzi omwewo, mu September 2015, panamira kamwana ka ku Syria, Alan Kurdi, m'kabwato kodzaza ka anthu ooloketsa anzao mobisa. Mtunda ndi umodzi, cosiyana ndi cokwera. Anthu aja anali kuthawa nkhondo, analibe cosankha. Nanga ife tithamangira ciani?

Ku Nyanja ya Malawi maliro otere anacitika. Mu June 2012 anthu a ku Ethiopia oposa 40 anamira pafupi ndi Karonga. Pa Pasaka wa 2017 bwato lodzaza kwambiri ndi anthu ocokera kumapemphero linagubuduka ku Mlowe, m'boma la Rumphi, ndipo ena sanafike kwao.

Ndikudziwa cimene mudzanena: sitima ya Ilala, imene inayamba nchito mu 1951, ndi yokalamba, imacedwa, ndipo kuidikira kumadya ndalama za pogona. Nzoona. Koma ndalama za masiku awiri mudzazipezanso m'munda. Bambo kapena mai wa ana akamira, palibe msika umene mudzamgule.

Cotero konzani mapepala anu ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka musananyamuke. Funsani tsiku la sitima. Mukakwera bwato laling'ono, werengani anthu ndi matumba, funsani zovala zoyandamitsa, ndipo musaoloke usiku kapena mwera uli mkati. Asodzi a pagombe akati lero ai, amvereni. Inu atsogoleri a magulu a mpingo ndi a alimi, mwini bwato akati alipo malo a mmodzi wina, tsitsani anthu anu.